Bomba silikwera ndege lokha

Mwezi wathawu tidachoka kunyanja, tidakwera mapiri a Ntchisi mpaka kukafika ku Bowe m'boma la Dowa, komwe banja lina lidatiitana ku dua yotsanzikana ndi mwana wawo. Asilamu kumeneko ndi owerengeka, ndipo mzikiti wawo ndi waung'ono kuposa zigafa za fodya zomwe zauzungulira. Mnyamatayo adapeza mwayi wokaphunzira ku Madina, ndipo ulendo wake udali wokakwera ndege pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kudzera ku Addis Ababa. Pa mtundu wonsewo padalibe yemwe adakwerapo ndege.

Monga mwa chikhalidwe chathu, wapaulendo sanyamuka chimanjamanja. Azakhali ake adabwera ndi mtedza, agogo ake ndi kathumba ka ufa, mnansi wina ndi kalata yopita kwa mwana wake yemwe ali kale ku Saudi Arabia. Dzuwa litapendeka kudatulukira bambo wina panjinga yamoto, atavala mkanjo woyera bwino, munthu yemwe eni khomo ankangomudziwa nkhope kumsika. Adatsitsa phukusi lomata ndi selotepi mbali zonse, napempha kuti mnyamatayo akalipereke kwa m'bale wake yemwe akamuchingamire pabwalo la ndege la ku Addis Ababa. Bambo a mnyamatayo sadakane. Adangoti phukusilo liyambe lamasulidwa pamphasa pomwepo, aliyense akuona.

Mlendoyo adapsa mtima. "Bambo, ndiye kuti mwandiyesa chigawenga? Msilamu kumusecha Msilamu mnzake ngati wapolisi pa rodibuloko? Kodi Qur'an siidatiletse kuganizirana zoipa?" Ena mwa omwe adali pabwalopo adagwedeza mitu movomereza, ndipo agogo aja adanong'ona kuti mwana wawo wachititsa manyazi mlendo pa tsiku la dua. Kenaka maso onse adatembenukira kwa ife: "A Shehe, tilamuleni."

Tidaikira kumbuyo bambo a mnyamatayo. Zomwe tidayankha tsikulo zidali zachidule chifukwa nthawi ya Maghrib idali itayandikira. Pano tikufuna tizitambasule, poti mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tsopano ali ndi wina wokwera ndege: wopita ku Hajj kapena Umrah, wophunzira, wantchito ku Johannesburg kapena ku maiko a Aarabu. Aliyense wa iwo adzapemphedwa tsiku lina kuti anyamule phukusi la munthu.

Ambiri amayesa kuti bomba m'ndege ndi nkhani ya kutali, yongoonera pa kanema. Achikulire a ku Blantyre akukumbukira zina. Pa 24 Meyi 1972, ndege ya South African Airways ya mtundu wa Boeing 727 idanyamuka ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kupita ku Johannesburg. M'katimo mudali amuna awiri a ku Lebanon, Fouad Kamil ndi mnzake Yaghi, omwe adakwera ndi mfuti komanso mabomba aja ophwanyira miyala m'migodi. Ali m'mwamba adailanda ndegeyo. Dandaulo lawo silidali la chipembedzo kapena ndale: Kamil ankati kampani ya migodi ya Anglo American, ya banja la Oppenheimer, siidamulipire mokwanira pa ntchito yomwe adaigwira yosaka ozembetsa dayamondi. Ndegeyo idabwerera ku Salisbury kukamwa mafuta, apaulendo ambiri adatsitsidwa, ndipo woyendetsa wake, Blake Flemington, adadzatera nayo pa Chileka pamodzi ndi anthu ochepa omwe adatsala ngati chikole. Anthuwo adapeza mpata wothawa, asilikali a dziko lino adawombera ndegeyo, ndipo awiriwo adadzipereka. Adamangidwa konkuno, ndipo Kamuzu adawatulutsa asadamalize zaka zawo. Mabombawo sadaphulike ndipo palibe adafa, koma zidachitikira pa bwalo lomwelo lomwe lero timaperekezerapo abale athu.

Masiku amenewo munthu ankatha kukwera ndege ndi mfuti m'jekete. M'zaka za m'ma 1970 mabwalo a ndege adayamba kusecha anthu ndi katundu wawo, ndipo khomo limenelo lidayamba kutsekeka. Apa ndi pomwe a zolinga zoipa adasintha nzeru. Poona kuti iwo eni sangadutse, adayamba kufunafuna manja a ena, makamaka a munthu yemwe nkhope yake siikayikitsa chifukwa iye mwini sakudziwa chomwe wanyamula.

Nkhani yomwe siichoka m'mutu mwathu ndi ya pa 17 Epulo 1986, pabwalo la Heathrow ku London. Mayi wina wa ku Ireland, woyembekezera, adafika pabwalopo kuti akwere ndege ya El Al yopita ku Tel Aviv. Bwenzi lake, Nezar Hindawi wa ku Jordan, mwini pathupipo, adamulonjeza kuti akamanga banja kumeneko, ndipo kuti iye abwera pambuyo pa ndege ina. Adamugulira tikiti, adamupatsa chikwama, adamuperekeza mpaka pabwalo. Alonda a kampaniyo atakhuthula chikwamacho adaona kuti chikulemerabe. Pansi pake padali malo obisika, ndipo m'menemo mudali bomba lolemera kilogalamu imodzi ndi theka, lotcheredwa kuti liphulike ndege ili m'mwamba ndi anthu oposa 350. Mayiyo sankadziwa kanthu. Khoti la ku Britain lidagamula kuti Hindawi akhale kundende zaka 45. Taganizani, munthu kusandutsa mkazi womukonda iye, pamodzi ndi mwana wake wosabadwa, kukhala chotengera cha imfa. Mayiyo akadafunsidwa ngati akumukhulupirira yemwe adamupatsa chikwamacho, akadalumbira ndi mtima wonse. Nchifukwa chake pabwalo la ndege safunsa ngati mukumukhulupirira munthu. Amafunsa ngati mwalongedza nokha, ndiponso ngati pali yemwe wakupatsirani kanthu.

Mnyamata wina pa Bowe paja adafunsa kuti kaphukusi kotere kangachite chiyani ku chindege chachikulu. Ndege yonyamula anthu imauluka makilomita 10 kapena kuposerapo kuchokera pansi, komwe mpweya ndi wochepa moti munthu sangakhale moyo nthawi yaitali. Choncho m'kati mwake amapoperamo mpweya, ndipo thupi lonse la ndege limakhala lofufuma ngati chubu cha njinga, chikhalirecho khoma lake ndi lata lopyapyala. Bowo lobooka mwadzidzidzi kumwambako limang'ambika n'kukula, mphepo ya liwiro la makilomita 800 pa ola n'kumalizitsa. Bomba lomwe lidagwetsa ndege ya Pan Am pa tauni ya Lockerbie ku Scotland pa 21 Disembala 1988 silidakwane ngakhale theka la kilogalamu, ndipo lidabisidwa mu wailesi ya kaseti m'kati mwa sutikesi. Lidapha anthu 259 a m'ndege ndi ena 11 omwe adali pansi kwawo.

Miyezi isanu ndi inayi pambuyo pake, tsoka lomwelo lidagwera Africa. Pa 19 Seputembala 1989 ndege ya kampani ya UTA yochokera ku Brazzaville, itaima ku N'Djamena, idaphulika pamwamba pa chipululu cha Ténéré ku Niger ikupita ku Paris. Anthu onse 170 adafa, ochokera m'maiko 18, ambiri a iwo a ku France, Congo ndi Chad. Bomba lidali mu sutikesi yomwe idakwezedwa ku Brazzaville, ndipo ofufuza a ku France adafika pokhulupirira kuti idakwera ndi munthu wina wa ku Congo yemwe adafera momwemo. Mu 1999 khoti la ku Paris lidapeza olakwa anthu asanu ndi mmodzi a boma la Libya, iwo eni palibe, mmodzi wa iwo mlamu wake wa Muammar Gaddafi. Okonza chiwembu adagona pamakama awo usiku umenewo. Wonyamula sutikesi ndiye adawazika mumchenga pamodzi ndi anzake apaulendo. Mu 2007 abale a omwalirawo adapita kuchipululuko nakayala miyala yakuda mozungulira chifaniziro cha ndegeyo, ndi magalasi osweka 170, galasi limodzi munthu mmodzi.

Tinene pano, kuti wina asatinamize, kuti nthendayi si ya chipembedzo chimodzi. Ndege ya Air India yomwe idagwera m'nyanja kufupi ndi Ireland pa 23 Juni 1985, n'kufa anthu 329, idaphulitsidwa ndi zigawenga za chipembedzo cha Sikh zokhala ku Canada, ndipo za ku Lockerbie ndi ku Niger makhoti adazipeza pa akazitape a boma. Koma sitingabisale kuseri kwa zimenezi. Alipo omwe achita zoterezi akutchula dzina la Allah, ndipo amenewo ndi udindo wathu kuwayankha, chifukwa akuba dzina lathu.

Pa 2 Febuluwale 2016 ndege ya Daallo Airlines idanyamuka ku Mogadishu kupita ku Djibouti. Patangopita mphindi zochepa, bomba lobisidwa mu laputopu lidaphulika n'kuboola khoma la ndege pafupi ndi phiko. Mwa chifundo cha Allah ndegeyo idali isadafike kumwamba kwenikweni, choncho siidang'ambike; woyendetsa adaibweza n'kutera nayo bwinobwino. Adafa ndi mmodzi yekha, wonyamula laputopuyo, yemwe adaponyedwa kunja kudzera pa bowolo. Makamera adaonetsa kuti adalandira laputopuyo kwa anthu ogwira ntchito pabwalo pomwepo, ndipo gulu la al-Shabaab lidavomera kuti ntchitoyo ndi yawo. Tsono dzifunseni: m'ndege yochoka ku Mogadishu kupita ku Djibouti mumakwera ndani? Ndi amayi ovala hijab, amalonda oswali kasanu pa tsiku, ana oloweza Qur'an. Chomwe chidatipweteka kwambiri ife a m'madrassa ndi chakuti manyuzipepala adalemba kuti wonyamula laputopuyo adali mphunzitsi wa chipembedzo. Mkanjo woyera ndi ndevu sizitsimikizira chomwe chili m'chikwama.

Pa chilamulo cha nkhaniyi palibe mkangano pakati pa maulama odalirika. Sura ya Al-Maida, ndime 32, ikuyerekeza kupha munthu mmodzi wosalakwa ndi kupha anthu onse, ndipo ndime yotsatirayo ikuika chilango chokhwima zedi pa omwe amaopseza anthu ndi kufalitsa chisokonezo m'dziko, mlandu womwe m'mabuku a fiqh umatchedwa hiraba. Ngakhale pa nkhondo yeniyeni, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaletsa kupha akazi ndi ana, ndipo Khalifa Abu Bakr potumiza asilikali ku Sham adatchulanso okalamba, nawaletsa ngakhale kudula mitengo yobala zipatso. Bomba la m'ndege silisankha. Khanda la pamwendo pa mayi ake limagwa limodzi ndi nduna ya boma. Pamwamba pa kupha palinso chinyengo. Munthu akapempha viza, nagula tikiti, nakhala pampando pakati pa anzake, walonjeza mwa zochita zake kuti wabwera mwamtendere. Kuphwanya pangano lotere ndi ghadr, kupereka omwe akukukhulupirira, khalidwe lomwe Mtumiki adaliika pakati pa zizindikiro za munthu wachiphamaso. Ndipo wodziphulitsa yekha wawonjezerapo tchimo lodzipha, lomwe Sura ya An-Nisa, ndime 29, idaletsa.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi womva msanga fanizo lomwe Imam Bukhari adasunga kuchokera kwa Nu'man bin Bashir. Mtumiki adafanizira anthu ndi apaulendo a m'chombo, ena pamwamba ena pansi. Apansi, posafuna kumakwera kukatunga madzi, adaganiza zoboola chombocho pa malo awo omwe. Apamwamba akawalekerera, onse amira. Akawagwira dzanja, onse apulumuka. Yemwe adakwerapo Ilala mwera ukuwomba safuna womasulira.

Kugwira dzanja kumeneku kuli ndi chitsanzo chomwe kholo lililonse liyenera kuchidziwa. Umar Farouk Abdulmutallab adali mwana wa m'banja lolemera la ku Nigeria, ndipo adaphunzira za uinjiniya ku University College London. Adapita ku Yemen ponena kuti akukaphunzira Chiarabu, kenaka adadula kulumikizana ndi makolo ake. Bambo ake, Alhaji Umaru Mutallab, omwe adakhalapo wapampando wa First Bank of Nigeria, sadakhale chete poopa manyazi. Mu Novembala 2009 adapita ku ofesi ya kazembe wa America ku Abuja kukanena kuti maganizo a mwana wawo alowera kolakwika. Omwe adalandira chenjezolo sadachitepo kanthu mokwanira. Pa 25 Disembala chaka chomwecho mnyamatayo, wa zaka 23, adakwera ndege ya Northwest Airlines ku Amsterdam kupita ku Detroit atasokerera bomba m'kabudula wam'kati. Bombalo lidangoyaka osaphulika, apaulendo anzake adamugwira, ndipo anthu pafupifupi 290 adatsika amoyo. Mu 2012 adagamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse. Tamvapo ena akunena kuti bambowo adagulitsa mwana wawo. Ife timati adachita zomwe Mtumiki adaphunzitsa, zoti m'bale wopondereza anzake naye athandizidwe, ndipo kumuthandiza kwake ndi kumuletsa. Adafuna kuti mwana wawo agwidwe m'manja mwake mulibe magazi a munthu.

Mtengo wa zochita za anthu oterewa umalipidwa ndi tonse. Sitidaiwale Juni 2003, pomwe Asilamu asanu a maiko akunja okhala ku Blantyre adagwidwa powaganizira kuti akuthandiza al-Qaeda, n'kutulutsidwa m'dziko ngakhale khoti lidaletsa, kenaka n'kukamasulidwa ku Sudan popanda mlandu. Sitidaiwalenso kuti mkwiyo wa ku Mangochi masiku amenewo udagwera matchalitchi a anansi athu omwe sadalakwe kanthu, ndipo zimenezo sizidatikometse. Kukayikirana kukalowa m'dziko, wosalakwa ndiye amayamba kulira, mbali zonse ziwiri. Bomba litati lipezeke m'chikwama cha Haji mmodzi wa ku Malawi, ngakhale iye asakudziwa, gogo aliyense wa mpango wopita ku Makka angavutike pa bwalo lililonse kwa zaka zambiri.

Kunena zoona, chomwe chingapezeke kawirikawiri m'phukusi lomata masiku ano si bomba koma mankhwala ozunguza bongo, ndipo ku Saudi Arabia chilango cha ozembetsa mankhwalawa chimafika pa imfa. Mu Disembala 2018 mtsikana wina wophunzira wa ku Nigeria, yemwe adapita ku Umrah ndi mayi ake, adamangidwa ku Madina chifukwa cha chikwama cha mankhwala chomwe anthu ena pabwalo la ndege la Kano adamatapo dzina lake. Adakhala m'ndende miyezi inayi zisadatsimikizike kuti chikwamacho sichidali chake. Iyeyo sadavomere kunyamulira munthu kanthu. Nanga yemwe walandira phukusi ndi manja ake awiri adzadziteteza ndi mawu otani? Akuluakulu adati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Tibwerere ku funso la mlendo uja, chifukwa silidali lopusa. Nzoona kuti Sura ya Al-Hujurat, ndime 12, ikutichenjeza za kuganizirana zoipa. Koma taonani zomwe Mtumiki mwini adachita. Usiku wina m'mwezi wa Ramadhan, ali pa itikafu, adatuluka kuperekeza mkazi wake Safiyya, ndipo amuna awiri a mwa Answari atawaona adafulumiza miyendo. Iye adawaimitsa nawadziwitsa kuti mayiyo ndi mkazi wake, poopa kuti Satana angaponye kanthu m'mitima mwawo. Ngati munthu woyera kuposa tonsefe adachotsa yekha chikayiko pamaso pa omutsatira asadafunsidwe n'komwe, ndani mwa ife ali wamkulu moti phukusi lake silingamasulidwe? Kumasula phukusi ndiko kumapha chikayikocho. Wotumiza katundu mwachilungamo amabwera naye wotsegula, n'kumata pamaso pa wonyamula. Komanso m'malamulo a wadia, kutanthauza chinthu chosungitsa, munthu sakakamizidwa kulandira chomwe sangathe kuchiyankhira, ndipo maulama amati woona kuti sangachisunge moyenera asachilandire. Amana ya wapaulendo siili kwa wotumiza yekha. Ilinso kwa onse omwe akhale naye m'ndege, anthu omwe sadamuonepo koma aika moyo wawo pa yankho lomwe iye apereke pa kauntala. Kuyankha kuti mwalongedza nokha, pomwe muli ndi phukusi la eni lomwe simudalione m'kati, ndi bodza, ndipo bodza louza wa yunifolomu silipepuka kuposa louza imamu.

Mlendo uja sadalole. Adati mwini phukusi adamuletsa kumasula, adalimangiriranso panjinga yake, nachoka asadadye mpunga wa dua. N'kutheka kuti mudali nsapato chabe, kapena mankhwala azitsamba ochititsa manyazi kuonetsa pagulu. Sitikumuweruza, ndipo tidapempha anthu kuti asamupachike dzina loipa kumsika.

Titaswali Maghrib, bambo a mnyamatayo adayatsa tochi ya foni nayamba kumasula katundu yense wotsala, ngakhale wa abale. Mtedza udakhuthulidwa m'lichero. Envelopu ya mnansi idatsegulidwa ndi mwini wake n'kumatidwanso. Atafika pa kathumba ka ufa, agogo aja adakhumudwa.

"Ngakhale ine, bambo, mayi wanu wokuberekani?"

Mwana wawoyo adanjuta pafupi nawo. "Amayi, ndikaumirira cha mlendo n'kusiya chanu, mawa anthu adzati ndidachita kumusankha."

Agogo adakhala chete kanthawi. Kenaka adakoka kathumbako, adamasula okha mfundo, napisa dzanja mu ufa mpaka pansi. Adatulutsa K5,000 yopindapinda yomwe adaibisamo kuti mdzukulu wawo akaipeze atafika ku Madina. Adaikung'untha ufa pabondo, namupatsa m'manja aliyense akuona.